Kuchokera ku Chipoka Kufika ku Likoma: Mtunda Umodzi, Nthawi Ziwiri

Munthu akayala mapu a dziko lathu pa tebulo, natenga rula, nayesa mtunda wochokera pa doko la Chipoka m'boma la Salima kufika pa chilumba cha Likoma, adzapeza makilomita pafupifupi 215. Akasuntha rulayo nayesanso kuchokera pa bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi kufika pa chilumba chomwecho, adzapezanso makilomita pafupifupi 215. Mitunda iwiriyi ikufanana ngati ana amapasa. Koma wokwera ndege ku Lumbadzi amaponda dothi la Likoma patangotha ola limodzi, pamene wokwera sitima pa Chipoka, m'zaka zambiri zimene Ilala inkaima pa dokoli sabata ndi sabata, ankagona usiku wathunthu pa nyanja, nafika mawa lache dzuwa litakwera kale.

Kusiyana kumeneku kumakhudza anthu ambiri. Likoma ndi boma pa lokha, lokhala ndi DC wache, apolisi, sukulu ndi chipatala, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu 14,527 pa zilumba ziwiri za Likoma ndi Chizumulu. Chaka ndi chaka aphunzitsi, akalaliki, anamwino ndi alangizi amalandira makalata owatumiza kumeneko, ndipo funso lawo loyamba limakhala lakuti, "Kodi n'kutali bwanji?" Wowayankha ndi makilomita sanawathandize kwenikweni. Pa nyanja kutalika kwa ulendo kumayesedwa ndi maola, ndi tsiku limene chombo chimanyamuka, ndiponso ndi ndalama zimene munthu ali nazo m'thumba. Tiyeni tsono tione zinthu zimenezi chimodzi chimodzi.

Kumene zilumbazi ziri

Likoma ndi Chizumulu ziri cha kum'mawa kwa Nyanja ya Malawi, pafupi ndi gombe la Mozambique. Kukula kwa Likoma ndi masikweya kilomita pafupifupi 18, pamene Chizumulu ndi kachilumba ka masikweya kilomita 3 okha. Kuchokera ku Likoma kuoloka kufika ku Cobué, mudzi wa ku Mozambique, makilomita safika 10. Koma kufika ku Nkhata Bay, limene liri doko lathu lapafupi, ndi makilomita pafupifupi 70.

Zinatheka bwanji kuti zilumba zoyandikana chotere ndi dziko lina zikhale za Malawi? Chiyambi chache ndi mishoni. M'chaka cha 1885 amishoni a Anglican a bungwe la UMCA anamanga likulu lawo pa Likoma, ndipo pamene Angerezi ndi Apwitikizi anagawana maiko m'pangano la 1891, zilumbazi zinatsalira m'manja mwa Angerezi. Tchalitchi lalikulu la St Peter's linayamba kumangidwa mu 1903, ndipo linapatulidwa mu 1911. Mu 1954 maboma awiriwo anapangananso kuti malire adzere pakati pa nyanja. Kuyambira pamenepo madzi a mbali imeneyo ya nyanja anakhala a Mozambique, koma zilumbazi, madzi a pafupi ndi magombe ache ndi anthu ache anakhalabe mbali yathu.

Chifukwa chache munthu wa pa Likoma amaona mapiri a Mozambique pafupi m'mawa uliwonse, koma zonse za Boma lache zimachokera kutsidya kwakutali. Mankhwala, mabuku a sukulu, mapepala a mayeso, simenti yomangira ndi mafuta a makina, zonsezi ziyenera kuoloka nyanja pamalo pamene iri yotakata ndi yakuya.

Kawerengedwe ka nthawi ya ndege

Aphunzitsi a masamu amadziwa lamulo lakuti nthawi ya ulendo imapezeka pogawa mtunda ndi liwiro. Ndege zazing'ono zimene zimatha kutera pa mabwalo ngati la Likoma zimauluka makilomita pakati pa 220 ndi 300 pa ola. Tikatenga liwiro la 250, makilomita 215 amatha m'mphindi 52. Koma ndege siyamba ulendo iri kale m'mwamba. Iyenera kuyenda pansi kufika poyambira, woyendetsa ayenera kuyesa injini, kenaka ikwere pang'onopang'ono. Ndipo pofika iyenera kuchepetsa liwiro ndi kulunjika bwino pa bwalo isanatere. Zonsezi zimaonjezera mphindi pafupifupi 10, ndipo n'chifukwa chache ulendo wa Lilongwe ndi Likoma umawerengedwa ola limodzi.

Mphepo nayonso iri ndi gawo lache. Tiyerekeze kuti ndege ikuuluka ndi mphepo ya makilomita 40 pa ola ikuikankha kumbuyo. Liwiro lache poyerekeza ndi nthaka lidzakhala 290, ndipo ulendowo udzatha m'mphindi 44. Pobwerera mphepo yomweyo idzakhala ikuiomba pamphumi, liwiro lidzatsika kufika 210, ndipo ulendo udzatenga mphindi 61. Tikaphatikiza kupita ndi kubwera tipeza kuti nthawi yachuluka pang'ono kuposa ya tsiku lopanda mphepo, pakuti mphepo imalanda zambiri kuposa zimene imapatsa. Samu imeneyi ingakomere ana a Fomu 2, makamaka a m'mbali mwa nyanja amene mwera amaudziwa ndi khungu lawo.

Komatu ola limodzi limeneli ndi la munthu amene ali kale pa bwalo la ndege. Ku Salima kuli bwalo laling'ono, ndipo kuchokera pamenepo kufika ku Likoma ndi makilomita pafupifupi 190, koma maulendo a anthu opita ku chilumbachi amayambira ku Lilongwe. Tsono munthu wa pa Chipoka wofuna kukwera ndege ayenera kuyamba wafulatira nyanja, napita ku Salima, nakwera mapiri kulowera kumadzulo mpaka ku Lumbadzi, mtunda wopitirira makilomita 100. Pa galimoto yabwino ndi maola awiri. Pa minibasi yoima paliponse ndi ochulukirapo. Akafika ayenera kudikira kuti katundu ayesedwe pa sikelo ndi mayina alembedwe. Kuchoka pakhomo mpaka kufika, ulendo wa ola limodzi uja wasanduka wa maola 4 kapena 5.

Palinso zina ziwiri. Choyamba, mtengo wa ndege zotere unapangidwira alendo odzaona nyanja, ndipo malipiro a mphunzitsi wa pulayimale sangaufikire. Chachiwiri, m'ndege yaing'ono munthu amaloledwa chikwama chimodzi chopepuka. Wanchito wa Boma amene akusamuka ndi banja, matiresi, mapoto ndi matumba a chimanga sangaiganizire n'komwe.

Chipoka ndi njira ya sitima

Chipoka anakula chifukwa cha njanji. M'chaka cha 1935 njanji yochokera ku Blantyre inafika ku Salima, ndipo m'chaka chomwecho mlatho waukulu wa pa Zambezi ku Sena unatsegulidwa. Pa Chipoka njanjiyi imadzera m'mphepete mwenimweni mwa nyanja, kotero kuti katundu wochokera ku Beira ankatha kutsika m'sitima ya pamtunda ndi kukwera m'sitima ya pamadzi pamalo amodzi. Kwa anthu a kumpoto ndi a pa zilumba, Chipoka anasanduka khomo lolowera kummwera, kumene kunali Zomba, likulu la Boma la masiku amenewo, ndi Blantyre, likulu la malonda.

Ilala yomwe inadzera pakhomo pomwepa isanalawe madzi. Inapangidwa mu 1949 ndi kampani ya Yarrow pafupi ndi Glasgow ku Scotland, inaphwasulidwa m'zidutswa, inabwera pa nyanja yamchere mpaka ku Beira, kenaka inanyamulidwa kufika ku Chipoka. Italumikizidwanso ku Monkey Bay, inayamba nchito mu 1951. Kutalika kwache ndi mamita 52, ndipo imanyamula anthu oposa 300 pamodzi ndi katundu wa matani makumi angapo. Dzina lache inalitenga kwa sitima yoyamba ya amishoni a Livingstonia, imene inalowa m'nyanjayi mu 1875.

Kwa zaka zambiri ndondomeko ya ulendo wache inali yodziwika kwa aliyense wa m'mbali mwa nyanja. Inkanyamuka ku Monkey Bay Lachisanu, nifika pa Chipoka tsiku lomwelo kudzatenga anthu ndi katundu, niyenda usiku kulowera kumpoto, nifika ku Nkhotakota kukucha Loweruka, kenaka nioloka kupita ku Likoma ndi Chizumulu isanalunjike ku Nkhata Bay ndi Chilumba.

Tiyeni tiwerengenso. Sitima ya mtundu umenewu imayenda makilomita pafupifupi 18 pa ola. Ikanakhala yolunjika osaima, makilomita 215 akanatha m'maola 12. Koma sitima siyenda m'mzere wa rula. Kuchokera ku Chipoka kufika ku Nkhotakota ndi makilomita pafupifupi 120, ndipo kuchokera ku Nkhotakota kufika ku Likoma ndi opitirira 100. Ku Nkhotakota madzi a m'gombe ndi osaya, kotero sitima imaponya nangula kutali, ndipo anthu ndi katundu amaoloka pa maboti ang'onoang'ono, kupita ndi kubwera, mpaka onse atatha. Ku Likoma nakonso kunali chimodzimodzi kwa zaka makumi ambiri, pamene kunalibe doko lomangidwa. Mayi wobereka mwana ankatsikira m'boti logwedezeka, thumba la ufa likumutsatira pamutu pa munthu wina. N'chifukwa chache nchito yomanga doko pa Likoma, imene Boma linaiyamba m'zaka zaposachedwapa, iri yofunika koposa m'mene imaonekera pa pepala. Maola ambiri a ulendo wa sitima amathera poima, ndipo doko labwino limafupikitsa ulendo monga m'mene injini yatsopano ingachitire.

M'zaka zina Ilala yakhala ikudutsa osaima pa Chipoka, ndipo nthawi zina yakhala miyezi ku Monkey Bay ikukonzedwa. Zikatero munthu wa kuno amatsala ndi njira ya msewu wa m'mbali mwa nyanja, kudzera ku Salima, Nkhotakota, Dwangwa ndi Chintheche mpaka ku Nkhata Bay, mtunda wopitirira makilomita 300. Kumeneko ayenera kudikira chombo chooloka makilomita 70 otsalawo, ulendo wa maola angapo. Akaphonya tsiku la chombo, amagona pa doko kapena kwa achibale, ndipo ulendo wa makilomita 215 umatha masiku awiri kapena atatu.

Mwera ndiye mwini nthawi

Pali wina amene salemba dzina lache pa ndondomeko ya maulendo, koma ndiye amaweruza. Ameneyo ndi mwera, mphepo yochokera kummwera imene imaomba m'miyezi yozizira, makamaka kuyambira May mpaka August. Nyanja yathu ndi yaitali makilomita oposa 550, ndipo yagona molunjika kuchokera kummwera kupita kumpoto. Mwera ukayamba, umapeza njira yaitali yopanda chotchinga, ndipo mafunde amakula akamapita. Pakati pa nyanja, pamene zombo za ku Likoma ziyenera kudutsa, mafundewo amaomba chombo cham'mbali.

Anthu a ku Salima ali ndi chikumbutso chawochawo. Pa 2 September 1895 Bishopu Chauncy Maples, amene anali atangodzozedwa kumene nakhala pa ulendo wobwerera ku Likoma, anamira pamene boti lache linagubuduzika ndi mphepo pafupi ndi Rifu, m'gombe la boma lomwelino. Patapita zaka 51, pa 30 July 1946, sitima yatsopano ya Vipya inamira kumpoto kwa nyanja pafupi ndi Chitimba, ndipo anthu 145 anatayika. Ilala inapangidwa kudzalowa m'malo mwa sitima imeneyo.

Tsono woyendetsa chombo akakana kunyamuka chifukwa cha mphepo, wanchito wa Boma amene ali ndi msonkhano mawa lache asamuyese waulesi. Akuluakulu anati kuthamanga si kufika. Ndege nayo iri ndi malire ache: zazing'onozi zimauluka masana, ndipo mitambo ya mvula yamkuntho ya m'dzinja imaziimitsa. Kusiyana kwache n'kwakuti mwera umene umatseka njira ya madzi kawirikawiri suletsa ndege, ndipo pa nyengo imeneyo bwalo la Likoma limakhala lamtengo wapatali.

Pakati pa Likoma ndi Chizumulu

Bvuto lenileni la mitunda liri pakati pa zilumba ziwirizo. Kuchokera ku Likoma kufika ku Chizumulu ndi makilomita pafupifupi 13, ndipo kunja kukayera munthu amaona chilumba chinacho ndi maso. Ndege youluka makilomita 200 pa ola ingathe mtunda umenewu m'mphindi 4. Koma ku Chizumulu kulibe bwalo la ndege. Sitima imatenga ola limodzi kapena kupitirira, ndipo boti laling'ono la injini limadalira m'mene nyanja yadzukira. Chipatala cha St Peter's chiri pa Likoma, maofesi a boma ali pa Likoma, bwalo la ndege liri pa Likoma. Mayi wa pa Chizumulu amene uchembere wamubvuta usiku wa mwera ali kutali ndi thandizo kuposa munthu wa ku Lilongwe wofuna kudzasambira ku Likoma.

Kodi yankho ndi kumanga bwalo la ndege pa Chizumulu? Ofunsa funsoli amatchula chitsanzo cha ku Scotland, dziko lomwelo kumene Ilala inapangidwa. Kumpoto kwa dzikolo kuli zilumba za Orkney, ndipo ziwiri mwa izo, Westray ndi Papa Westray, ziri ndi ulendo wa ndege wa ndondomeko waufupi koposa pa dziko lonse. Mtunda wache ndi makilomita 2.7 okha. Ndege imakhala m'mwamba pafupifupi mphindi imodzi ndi theka, ndipo tsiku lina mphepo itathandiza inatha ulendowo m'masekondi 53. Kampani ya Loganair inayamba maulendo a pa zilumbazi mu 1967, ndipo ndege yache ndi ya mtundu wa Britten-Norman Islander, yonyamula anthu 8. Pa kalembera wa 2011 Papa Westray inali ndi anthu 90 okha. Ena mwa okwera ndegeyi ndi aphunzitsi, ana a sukulu ndi anchito a zaumoyo.

Chitsanzochi n'chokopa, pakuti Chizumulu iri ndi anthu zikwi zingapo, ochuluka kwambiri kuposa a Papa Westray. Koma tiyenera kuchiyang'ana bwino. Choyamba, ndege ya ku Orkney sinyamukira ulendo waufupiwo wokha. Imachokera ku Kirkwall, tauni yaikulu ya zilumbazo, nizungulira kutsitsa ndi kutenga anthu monga basi, ndipo kadumphidwe ka mphindi imodzi ndi theka ndi chigawo chabe cha mzungulirowo. Chachiwiri, khonsolo ya Orkney imathirapo ndalama kuti mtengo ukhale wotsika, chifukwa ndalama za okwera pazokha sizingakwanire. Chachitatu, zilumba zimenezo ndi zathyathyathya.

Chizumulu ndi chilumba cha mapiri awiri, ndipo malo osalala ndi ochepa. Bwalo la mamita 800 m'litali ndi 60 m'lifupi lingadye mahekitala pafupifupi 5, pa chilumba chimene chonse ndi mahekitala 300. Chiwerengerocho chikuoneka chaching'ono, koma malo amene angatengedwe ndi omwewo amene anthu amamangapo nyumba ndi kulimapo chinangwa. Ndiponso ulendo waufupi ndiwo wodula koposa pa kilomita iliyonse. Mafuta ambiri amapsa ponyamuka ndi pokwera, matayala ndi mabuleki amatha potera, ndipo nthawi yoyesa injini pansi imaposa nthawi youluka.

Tikabwerera ku masamu athu, boti lolimba la injini yamphamvu, loyenda makilomita 30 pa ola, lingaoloke makilomita 13 m'mphindi 26. Kusiyana kwa mphindi 4 ndi mphindi 26 si kumene kumataya moyo wa wodwala. Chimene chimautaya ndi maola amene amatha anthu akufunafuna boti, akufunafuna mafuta, akudzutsa woyendetsa. Boti lokhala ndi mafuta m'thanki usana ndi usiku, lokhala ndi zobvala zoyandamitsa, lotha kupirira mafunde apakatikati, ndiponso lokhala ndi masiku odziwika ogwirizana ndi kufika kwa sitima ndi kwa ndege, lingafupikitse mtunda umenewu pa mtengo wochepa kwambiri kuposa bwalo.

Ndege zotera pa madzi ndi tindege topanda munthu

Ena amakumbutsa kuti nyanja yomwe ingakhale bwalo. Zimenezi zinachitikapo, ndipo sikunali kutali ndi Chipoka. Kuyambira mu 1949 mpaka 1950 ndege zazikulu zotera pa madzi za kampani ya BOAC, zoyenda pakati pa Southampton ku England ndi dera la Johannesburg, zinkatera ku Cape Maclear, makilomita pafupifupi 35 kum'mawa kwa Chipoka kutsidya kwa madzi. Nchitoyi inatha patangopita chaka chimodzi, pamene kampaniyo inasiya ndege za pamadzi nitenga zotera pa mtunda, zimene zinali zaliwiro ndi zotsika mtengo poziyendetsa. Ndipo tizikumbukira kuti ndege yotera pa madzi imafuna madzi odekha. Tsiku limene mwera waletsa boti, ndi tsiku lomwelo limene ungaletse ndege yotere.

Chinthu chatsopano chimene chiri ndi chiyembekezo ndi tindege tating'ono topanda woyendetsa m'kati, timene ambiri amatitcha madroni. Mu 2017 Boma pamodzi ndi bungwe la UNICEF linatsegula dera loyeseramo tindegeti ku Kasungu. Mu 2018 ku Tanzania tindege totere tinayesedwa kunyamula mankhwala kuchokera ku Mwanza kupita ku chilumba cha Ukerewe pa Nyanja ya Victoria, makilomita 60 m'mphindi pafupifupi 40. Kuno kwathu mu 2019 tinayesedwanso pakati pa Nkhata Bay ndi zilumba zathu, kunyamula magazi okayezedwa ndi mankhwala opepuka. Sitifuna bwalo lalitali, ndipo nyanja ikakwiya pansi ito timadutsa pamwamba. Koma timanyamula makilogalamu ochepa okha. Tingathe kubweretsa mankhwala kwa wodwala, koma wodwalayo sitingamunyamule.

Chilichonse ndi nchito yache

Tikaika zonsezi pamodzi tiona kuti ndege ndi sitima sizipikisana. Kuti ndege ya anthu 12 inyamule anthu 300 a ulendo umodzi wa Ilala, iyenera kupita maulendo 25, ndipo ngakhale itatero, malata, simenti, migolo ya mafuta ndi matumba a usipa zidzatsala pa gombe. Sitima ndiyo imadyetsa zilumba ndi kuzimanga. Ndege ndi ya tsiku la ngozi, la wodwala wofunika kufika ku chipatala chachikulu lero lomwe, ndiponso ya alendo amene ndalama zawo zimalemba anthu nchito pa chilumbacho. Boti ndilo limamangiriza Chizumulu ku zonse ziwiri.

Kwa inu amene muli m'maofesi, mfundo zotsatirazi n'zoyenera kuzisunga. Polemba kalata yoitana mphunzitsi wamkulu wa pa Chizumulu ku msonkhano wa ku Mzuzu kapena ku Lilongwe, yambani mwafunsa tsiku la chombo, ndipo muwerenge masiku a ulendo wache wopita ndi wobwerera, pakuti msonkhano wa tsiku limodzi ungamuchotse m'kalasi sabata yathunthu. Potumiza mapepala a mayeso, mabuku kapena mankhwala m'miyezi ya mwera, tumizani ulendo umodzi wa sitima usanafike umene mukuudalira, kuti mphepo ikaletsa woyamba pakhale wachiwiri. Poyesa kubvuta kwa malo a nchito ndi zolipira za pa ulendo, yesani ndi maola ndi masiku ogona panjira, chifukwa pa mapu Chizumulu iri pafupi ndi Nkhata Bay kuposa m'mene Salima iriri ndi Lilongwe, koma palibe minibasi yopita kumeneko.

Ndipo kwa inu amene mwalandira kalata yopita ku zilumba, musaiyese chilango. Likoma ndi malo amene sukulu zinayamba kale kwambiri, ndipo kuchokera kumeneko kunatuluka aphunzitsi, ansembe ndi akalaliki amene anagwira nchito m'dziko lonse lino ndi m'maiko oyandikana nalo. Ana a kumeneko ayenera kulandira maphunziro ofanana ndi a ana a ku Zomba. Konzekerani monga amakonzekera eni nyanja: dziwani tsiku la sitima, gulani zofunika za mwezi wathunthu, ndipo mverani asodzi akamanena za mphepo.

Za Chipoka, mwayi umene anaupeza mu 1935 sunasunthe. Njanji ndi nyanja zimakumanabe pamalo pomwepo, ndipo palibe doko lina pa nyanja yathu limene liri ndi mwayi umenewu. Katundu wolemera wochokera kummwera wopita ku Likoma ali ndi njira yaifupi koposa kudzera pano: makilomita 215 a madzi, m'malo mwa makilomita oposa 300 a msewu ndi 70 a madzi pamwamba pache. Chofunika n'chakuti doko likhale lakuya mokwanira ngakhale madzi atatsika, ndipo chombo chiziima pa tsiku lodziwika, sabata ndi sabata, osaphonya. Wamalonda, mphunzitsi ndi namwino angapirire ulendo wa maola 15 ngati akudziwa kuti unyamuka Lachisanu ndi kufika Loweruka. Chimene chimawafooketsa ndi kukhala pa gombe ndi katundu wawo, akuyang'ana kummwera, osadziwa ngati chombo chibwera.